PHUNZIRO 9: KUBWEZA MAWU

Sabata Masana

Vesi Loloweza: Miyambo 6:2, 3.

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala chaka cha 2017 kunayenda mbiri m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena oyandikana nawo, yakuti kuli anthu oyenda usiku amene akupopa anzawo magazi. Ife a kuno kwa Chiwalo, amene tayandikana ndi malire a dziko la Mozambique kumene ambiri ankati mbiriyo yachokera, tikuwakumbukira bwino masiku amenewo. Mabanja ankagona panja m'magulu, anyamata ankatchinga misewu, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankafunsidwa mafunso ndi anthu ogwira zibonga. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Phalombe ndi Mulanje, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Wopopa magazi ndi mmodzi yemwe sanapezeke. Pambuyo pake mbiriyo inazirala yokha monga moto wa mapesi.

Koma mwa onse amene anati, "Ndawaona ndi maso anga," ndi angati anabwerera pamalo pamene ananenerapo kukauza anthu kuti sanaone kanthu, anangomva? Tisaloze chala kutali, pakuti ena a ife osunga Sabata tinali pakati pa onenawo.

Sabata ino tiphunzira za kubweza mawu. Tiona kuti pali kubweza kumene Mulungu amalamula, ndipo pali kubweza kumene moyo wake sukondwera nako. Kunja ziwirizi zimafanana, chifukwa ponse pawiri munthu amasiya chimene ananena dzulo. Chozisiyanitsa ndi ichi: kodi wamutembenuza munthuyo ndi choonadi, kapena ndi nkhope za anthu?

Sande: Chimene Chimabwezedwa

Liwu lakuti kubweza timaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Timabweza ngongole, timabweza khasu limene tinabwereka, ndipo wakuba akagwidwa a mfumu amamulamula kuti abweze mbuzi. Pa zonsezi pamakhala mwini chinthu amene akudikira. Koma tikamati munthu wabweza mawu, timaganiza ngati akuwabwezera m'kamwa momwe anachokera, chinthu chimene sichitheka, pakuti akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Chimene chimabwezedwa si mawuwo ayi, koma chimene mawuwo anatenga: mbiri yabwino ya mnzathu, mtendere wa banja lake, malonda ake, malo ake mu mpingo.

*Werengani Levitiko 6:1-7. Kodi ndi machimo ati amene aikidwa pamodzi m'ndime imeneyi? Nanga wochimwayo anayenera kuchita chiyani kwa mnansi wake pa tsiku lopereka nsembe?*

Onani kuti kunyenga mnansi ndi kulumbira monama zatchulidwa pamodzi ndi kuba ndi kulanda. Wopalamula anayenera kubweza chinthucho chonse, kuonjezapo gawo limodzi la magawo asanu, ndi kubwera ndi nkhosa yamphongo kwa wansembe. Nkhosa yokha sinali yokwanira. Yesu anaphunzitsa dongosolo lomweli pa Mateyu 5:23, 24. Ndipo ngati mbiri yabwino iposa chuma chambiri, monga tiphunzira pa Miyambo 22:1, ndiye kuti woononga mbiri ya mnzake ali ndi ngongole yoposa ya wakuba mbuzi.

Tizindikirenso kuti si zonse zobwerera m'kati zimene zatha. Mphaka akafuna kusisitidwa amabweza zikhadabo, koma zikhadabozo zilipo ndithu, zikudikira khoswe. Munthu amene amati, "Chabwino, ndasiya kunena," chifukwa choopa chindapusa kubwalo la mfumu, koma akupitiriza kunong'ona kuchitsime, wangobisa zikhadabo.

*Kodi pali munthu amene mawu anu anamulanda kanthu? Kanthuko n'chiyani, ndipo kangabwezedwe motani?*

Lolemba: Malumbiro Awiri

*Werengani Marko 6:17-29. N'chifukwa chiyani Herode sanabweze lumbiro lake, chikhalirecho anamva chisoni chachikulu?*

Herode Antipa ankadziwa kuti Yohane Mbatizi ndi munthu wolungama ndi woyera, ndipo ankakonda kumumvera. Pa phwando la tsiku lake lobadwa analonjeza mtsikana wovina chilichonse chimene angapemphe, kufikira theka la ufumu. Pamene pempho linadza lakuti apatsidwe mutu wa Yohane m'mbale, Marko akutchula zinthu ziwiri zimene zinamanga mfumuyo: malumbiro ake, ndi anthu amene anakhala naye pachakudya. Chachiwiricho ndicho chinali chingwe chenicheni. Akadalumbira ali yekha m'chipinda, akadapeza njira. Iye anayesa pamlingo manyazi a usiku umodzi ndi moyo wa mneneri, ndipo manyaziwo analemera.

*Tsopano werengani 1 Samueli 25:13, 21-35.*

Davide nayenso analumbira potchula dzina la Mulungu, kuti pofika m'mawa sadzasiya mwamuna ndi mmodzi yemwe wa m'nyumba ya Nabala. Nayenso anali ndi omuonerera, amuna 400 omangira malupanga. Amene anamuimitsa panjira anali mkazi mmodzi, Abigayeli, wotsogoza abulu osenza mikate. Pamaso pa asilikali onsewo Davide analemekeza Mulungu amene anamutumiza mkaziyo, nayamikira nzeru zake, nabwerera osakhetsa mwazi. Wina anasunga mawu ake nakhala wambanda. Wina anawabweza napulumuka ku mlandu wa mwazi.

Ena adzafunsa za Masalimo 15:4, pamene munthu wosasintha chimene walumbira akuyamikiridwa. Werenganinso mosamala, muone kuti wopwetekedwa ndi lumbirolo ndani. Ndi wolumbira mwiniyo. Ngati munalonjeza mnzanu thumba la nandolo pa mtengo wakutiwakuti, ndipo mawa lake mtengo wakwera pamsika, musabweze mawu. Kutayako n'kwanu, kusenzeni. Koma ngati lumbiro lanu likupweteka wina wosalakwa, kulisunga ndi tchimo lachiwiri loonjezera pa loyamba. M'midzi mwathu muli amalume amene analumbira pamaliro kuti sadzapondanso pakhomo pa mlongo wawo, muli abambo amene ananena atapsa mtima kuti mwana wakutiyo si wawonso. Mkwiyo unatha kalekale. Chatsala n'chakuti anthu anamva.

*Kodi amene akhala nanu pachakudya, amene mukuopa maso awo, ndani?*

Lachiwiri: Kodi Mulungu Amabweza Mawu?

*Yerekezani Numeri 23:19 ndi Yona 3:4, 10. Kodi malemba awiriwa akutsutsana?*

M'Chihebri, malemba onse awiriwa ali ndi liwu limodzi, *nacham*, lonena za kumva chisoni ndi kusintha chimene unati uchite. Pa 1 Samueli 15 liwuli likupezeka m'njira zonse ziwiri m'mutu umodzi womwewo, pa vesi 11 ndi pa vesi 29. Yankho lili pa Yeremiya 18:7-10, pamene Yehova akufotokoza yekha kuti chenjezo lake pa mtundu wa anthu lili ndi khomo: mtunduwo ukatembenuka, choipacho sichidzadza. Mulungu sabweza mawu monga ife, chifukwa chakuti ananama kapena sanadziwe. Khalidwe lake silisunthika, ndipo chifukwa cha kusasunthika komweko, Nineve wolapa sangalandire chimene chinayenera Nineve wosalapa.

Amene anavutika ndi nkhaniyi ndi mneneri. Yona analalikira za masiku 40, masikuwo anatha, ndipo mzinda unali chiimire. Iye anakonda kuti anthu oposa 120,000 aonongeke kusiyana n'kuti aoneke ngati wolosera zosachitika. Nthenda ya Herode imagwiranso alaliki.

Lachitatu: Kubwerera M'mbuyo

*Werengani Ahebri 10:35-39. Ndi kubwerera kotani kumene Mulungu sakondwera nako?*

Liwu la Chigriki limene lili pa vesi 38 ndi *hupostello*, kutanthauza kudzibweza, kufooka ndi kubisala chifukwa cha mantha, monga kamba abweza mutu m'chigoba akamva mapazi. Paulo analigwiritsa ntchito pa Machitidwe 20:20, 27, pouza akulu a ku Efeso kuti sanawabisire kanthu kopindulitsa. Analigwiritsanso ntchito pa Agalatiya 2:12 ponena za Petro, amene ku Antiokeya ankadya pamodzi ndi amitundu, koma atafika alendo ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula. Palibe chatsopano chimene Petro anaphunzira m'Malemba tsiku limenelo. Kunangobwera nkhope zatsopano.

Pa 17 Epulo 1521 Martin Luther anaimirira pamaso pa mfumu Charles V mumzinda wa Worms, nafunsidwa ngati mabuku amene anaunjikidwa patebulo ndi ake, ndiponso ngati angabweze zolembedwamo. Anapempha nthawi, napatsidwa tsiku limodzi. Ambiri timakumbukira kukana kwake kokha, koma yankho lake la pa 18 Epulo linali ndi zambiri. Anagawa mabuku ake m'magulu atatu, ndipo pa gulu lachitatu, lolembera anthu amene ankatsutsana naye, anavomera kuti analankhula mwaukali woposa woyenera munthu wa ntchito yake. Ananenanso kuti atamuonetsa kulakwa kwake kuchokera m'Malemba, adzakhala woyamba kuponya mabukuwo pamoto. Sanali munthu wosafuna kubweza kanthu. Anakana kubweza chifukwa cha kuopsezedwa.

Zaka zoposa 100 Luther asanaime ku Worms, Jerome wa ku Prague analephera mayeso omwewo. Mnzake Jan Hus atatenthedwa ku Constance pa 6 Julayi 1415, Jerome, atafooka ndi ndende, anakana ziphunzitso za Hus pamaso pa msonkhano. Koma chikumbumtima sichinamupatse tulo, ndipo mu Meyi 1416 anaimanso pamaso pa msonkhano womwewo nabweza kukana kwake kuja. Anatenthedwa pa 30 Meyi. Munthu mmodziyu anabweza mawu kawiri: koyamba kunali kugwa, kachiwiri kunali kudzuka.

Dziko lathu nalo lili ndi chitsanzo. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za malipiro ochepa a osauka, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Kalatayo sanaibweze. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Ife a Adventist timasiyana ndi mpingo umenewo pa ziphunzitso zazikulu, koma kungakhale kusaona mtima kukana kuti pa tsiku lija iwo sanabise mutu m'chigoba, pamene ambiri a ife tinali chete.

*Kodi munayamba mwasintha umboni wanu wa Sabata kapena wa choonadi china chifukwa kunabwera alendo?*

Lachinayi: Kumene Mawu Anafika

M'mwezi wa Meyi 1983 boma la Malawi linalengeza kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Mawu amenewo anaima zaka 11, ndipo amene ankawakayikira ankatero monong'ona. Mu 1994 boma latsopano linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu a Mtegha, ndipo mu Januwale 1995 kunadziwika poyera kuti anthu anayiwo anachita kuphedwa, ngoziyo inali yokonza. Mlandu unazengedwa, ndipo mu Disembala 1995 khoti linapeza Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi anzake osalakwa. Pa 4 Januwale 1996 kunatuluka uthenga wa Dr. Banda wopepesa mtundu wa Amalawi. Ena anaulandira ndi chiyamiko, pakuti atsogoleri opepesa ndi osowa. Ena anaona kuti kupepesako kunadalira pa kaliwu kamodzi, kakuti *ngati*: ngati alipo amene anavutika chifukwa cha ogwira ntchito m'boma lake kapena ochita zinthu m'dzina lake.

Si ntchito ya Sukulu ya Sabata kuweruzanso mlandu umene khoti linagamula, ndipo za mumtima mwa akufa adziwa ndi Mulungu. Tatchula nkhaniyi chifukwa kaliwu kameneka n'kathu tonse. "Ngati ndinakulakwirani, pepani." Ndani wa ife sananenepo chotero madzulo a mwambo wosambitsana mapazi? Kaliwuka kamachititsa kuti wolakwiridwayo asenze ntchito yotsimikiza kuti cholakwa chinalipo.

*Werengani Yohane 21:15-17 pamodzi ndi Luka 22:54-62. N'chifukwa chiyani Yesu anafunsa Petro katatu, ndiponso pamaso pa ophunzira ena?*

Petro anakana Ambuye katatu, pafupi ndi moto wamakala, anthu akumva. Analira misozi yowawa ali yekha, ndipo sitikayika kuti Kumwamba kunamva. Komabe Yesu anamutengera pa moto wina wamakala, pamaso pa abale ake, kuti kuvomera kufike pamene kukana kunafika.

Ife amene tikulemba phunziro lino tinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa mpingo wina umene tinatumikira titangotuluka kumene ku sukulu ya ubusa, ndalama za zopereka za msonkhano wa misasa sizinagwirizane ndi za m'buku. Msungichuma anali mayi wachikulire, wamasiye. Sitinamutche wakuba, koma m'komiti tinalankhula mokuluwika, ndipo Sabata lotsatira tinalalikira za Hananiya ndi Safira. Mpingo wonse unamva chimene tinkatanthauza. Patapita milungu ingapo tinapeza envulopuyo m'chikwama chathu chomwe, pakati pa makhadi a ubatizo, momwe tinaiika tokha tsiku lija mayiyo anatipatsira. Tinadikira kuti kude, tinakwera njinga, tinakagogoda pakhomo pake.

Anatimvetsera mpaka tinamaliza, ndipo anati, "Abusa, mwachita bwino kubwera, ndipo ine ndakhululuka. Koma mawu aja simunanenere m'nyumba muno."

Sabata lotsatira tinaima paguwa pomwe paja, tinatchula dzina lake, tinanena chimene tinachita popanda *ngati*. Kunali kovuta kuposa mayeso onse a ku koleji. Ndipo tisakunamizeni kuti zonse zinabwerera m'malo. Mayiyo sanavomerenso udindo wa usungichuma, ndipo mwana wake wamwamuna, amene anamva anzake akutcha amayi ake akuba, sanabwererenso ku tchalitchi nthawi yonse imene ife tinali kumeneko.

*Werenganinso Miyambo 6:1-5. N'chifukwa chiyani wogwidwa ndi mawu a pakamwa pake akuuzidwa kuti asagone tulo asanapite kwa mnansi wake?*

Lachisanu: Phunziro Loonjezera

Mpingo wathu unabadwa pakati pa anthu amene anayenera kubweza mawu. William Miller ndi anzake analalikira za kubwera kwa Yesu, ndipo zikwi za anthu zinayembekezera tsiku la 22 Okutobala 1844. Tsikulo linadutsa. Miller anavomera poyera kuti analakwa pa za nthawi, ndipo mu 1845 anasindikiza kabuku kofotokoza zimenezi. Koma chiyembekezo cha kubweranso kwa Ambuye sanachitaye kufikira imfa yake mu 1849. Ena, monga Hiram Edson, anabwerera ku Danieli 8:14 nazindikira kuti cholakwika chinali pa chochitikacho: malo opatulika oyenera kuyeretsedwa sanali dziko lapansi, koma a Kumwamba. Akadaumirira kuti sanalakwe pena paliponse, kapena akadataya zonse chifukwa cha kunyozedwa, sitikadakhala ndi uthenga wa kachisi. Amene ali ndi buku la Ellen G. White la Mkangano Waukulu awerenge mutu 6 ndi mutu 8, yonena za Hus, Jerome ndi Luther.

Mafunso Okambirana:

1. Mbale wina ananena bodza za mnzake pa WhatsApp, ndipo uthengawo unafika m'magulu amene iye sawadziwa n'komwe. Popeza sangathe kuwafikira onse, kodi gawo lija limodzi la magawo asanu la pa Levitiko 6 lingakhale chiyani kwa iye?

2. Kodi mkulu wa mpingo kapena mbusa akavomera poyera kuti analakwitsa pa chiphunzitso kapena pa chigamulo cha komiti, ulemu wake umachepa? Kambiranani moona mtima zimene mpingo wanu umachita ndi mtsogoleri wotero.

3. Kuyambira mu 1911 malamulo a dziko lino analetsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba m'midzi mwathu amatchulidwa. Agogo ena a mu mpingo mwanu anatchulidwa pamaliro a mwana, ndipo wowatchulayo, yemwenso ndi membala, wabwera kwa akulu a mpingo mwamseri kudzanena kuti analankhula chifukwa cha chisoni chabe. Agogowo akhala okha pabenchi miyezi itatu tsopano. Akulu a mpingo amuuze kuti apite kuti, akanene chiyani, ndipo pakhale ndani?